Amayi Anasainira Mlandu Wanga

Kwathu ku Woolwich, mumzinda wa London, sitinali olemera, koma nyumba yathu inali ya mtendere. Tinkakhala atatu m'fulati ya pansanjika yachinayi: bambo anga a Biswick Kathumba, amayi anga a Rabecca, ndi ine Khumbo, mwana wawo mmodzi yekhayo. Bambo ankayendetsa basi, ndipo pa zaka pafupifupi makumi awiri anali asanakandepo galimoto ya munthu. Amayi anali namwino pa wodi ya okalamba. Kutchalitchi kwathu ku Peckham munthu akadwala, ankayamba waimbira amayi asanaganize n'komwe za dokotala. M'mawa uliwonse tinkapemphera limodzi, aliyense asanatenge chikwama chake.

Ndinakhoza mayeso oyendetsa galimoto ndili ndi zaka 22, ulendo wachitatu. Amayi anavina m'khitchini, n'kunena kuti ndiziyendetsa kagalimoto kawo kofiira. Kanali m'dzina lawo, ine anangondiwonjezera pa inshuwalansi. Bambo sanavine. Loweruka m'mawa ananditsitsira pamalo oimika magalimoto.

"Usanalize injini, yamba wazungulira galimoto," anatero. "Yang'ana matayala onse anayi. Tayala losalala limakupereka tsiku la mvula. Oilo uziona sabata iliyonse, injini itazizira. Nyale zonse ziziyaka, madzi otsukira galasi asamathe."

"Adadi, zonsezi instructor anandiphunzitsa kale."

"Instructor anakuphunzitsa kukhoza test. Ine ndikukuphunzitsa kufika kunyumba."

Anandilanda foni, n'kuiika m'kabokosi ka kutsogolo, n'kutseka.

"Imeneyi malo ake ndi amenewa. Galimoto ya patsogolo pako ikadutsa pa polo, werenga masekondi awiri iwe usanafikepo. Kukamagwa mvula werenga anayi. Ukamakhotera kumanzere, ona pagalasi, kenako cheuka, chifukwa wa njinga amakhala pomwe galasi silionetsa. Pomwe alemba twenty, ndi twenty. Ndipo udziwe kuti zaka ziwiri zoyamba, ukafika six points za milandu ya pamsewu, licence yapita."

Ndinkagwedeza mutu ngati mwana womvera, koma mawu ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Ndinali ndi mnzanga dzina lake Marvin, wa ku Lusaka koma wokhala ku Croydon, amene tinadziwana ku koleji. Iye mwini analibe galimoto, ngakhale njinga yakapalasa, koma pa nkhani ya kuyendetsa anali pulofesa. Tsiku loyamba kumunyamula anandiyang'ana ndikuwerenga masekondi anga, n'kufa nacho chikhakhali.

"Boi, uyendesa monga wanyamula mazila. Ni bus ya mudala wako iyi? Ponda mafuta, bantu batiseka."

Palibe amene ankatiseka, koma ine ndinachita manyazi, n'kuponda. Mwezi woyamba ndinasunga malamulo a bambo. Wachiwiri foni inatuluka m'kabokosi n'kukhala pamiyendo. Wachitatu ndinali kuyendetsa ndi dzanja limodzi, chigongono pawindo, ndikudzimva ngati msewu anandimangira ine. Matayala sindinkawayang'ananso.

Posakhalitsa kunabwera kalata. Kamera inandijambula ndikuthamanga mumsewu wa twenty. Popeza galimoto inali ya amayi, kalata inafikira iwo, ikufunsa amene ankayendetsa. Analemba dzina langa, ndipo ndinalandira mapointi atatu. Bambo anawerenga pepalalo kawiri, n'kuliika pa tebulo.

"Atsala atatu, Khumbo. Kuthamanga sikufika."

"Bambo a Khumbo, mwanayu wamva," anandiikira kumbuyo amayi.

"Wamva? Tamuyang'anani. Ndikulankhula pano, maso ali pa foni."

Masiku omwewo ndinapeza ntchito yabwino pa kampani ina yolumikiza intaneti m'nyumba za anthu. Anati adzandipatsa vani, bola laisensi ikhale m'manja. Amayi anakapereka umboni kutchalitchi, anthu n'kuomba m'manja. Ndinkayenera kuyamba kumayambiriro kwa mwezi wotsatira.

Lachisanu lina masana, kukuwaza kamvula, tinali ku Peckham ndi Marvin. Foni inalira pamiyendo panga. Unali uthenga wa mtsikana wina amene ndinakhala ndikumufuna kwa nthawi yaitali. Ndinainyamula, n'kuyamba kuyankha ndi chala chachikulu, dzanja linalo likukhotetsa chiwongolero kumanzere. Galasi sindinaone, kucheuka sindinacheuke.

Ndinangomva phaa pawindo la Marvin. Mayi wina wa njinga anali atamanga mabuleki mwadzidzidzi, njinga n'kutsetsereka, iye n'kudzigwira pa galimoto ndi chikhatho. Phazi lake linali pafupi kwambiri ndi tayala langa. Anasuzumira mkati akupuma mwawefuwefu, maso ali tong'o, akundiyang'ana ine ndi foni yanga m'dzanja.

"Tiye, sanagwe," anatero Marvin.

Ndinapita. Sindinatsike, sindinapepese, sindinafunse ngati wavulala. Tinafika pa maloboti otsatira tikuseka.

Pasanathe milungu iwiri, kalata ina inafika m'dzina la amayi. Ndinaipeza ndine pakhomo, ndipo nditaona mtundu wa envulopu ndinaitsegula ndekha. Inati woyendetsa galimoto yathu anagwira foni komanso anayendetsa mosasamala, ndipo mwini galimoto atchule amene ankayendetsa. Foni yokha ndi mapointi asanu ndi limodzi. Laisensi inali yapita, ndipo ntchito inali kupita nayo limodzi ndisanaiyambe n'komwe. Ndinaimbira Marvin.

"Ah, iyo ni nkhani ing'ono," anatero. "Amai bako licence yabo ili clean. Uwauze chabe balembe ati benze beve. Bonse bamachita, boi. Palibe wamene afufuza."

M'mawa mwake bambo analawirira ku ntchito. Amayi anali kusita yunifolomu yawo pabalaza. Ndinawapatsa kalatayo, n'kugwada, ine amene ngakhale pa mapemphero ndinkagwada monyinyirika. Anawerenga ali chiimire, kenako ndinawauza zomwe ndinkafuna.

"Ukuti ndiname kwa apolisi?" anafunsa motsitsa mawu. "Khumbo, tsiku limeneli ine ndinali pa ward tsiku lonse, long day. Lemba dzina lako. Udzalembanso test, ntchito udzapeza ina."

"Amayi, kwa inu ma points amenewa si kanthu. Kwa ine ndi moyo wanga wonse."

"Ayi mwanangu. Ine ndine nurse. Bodza la mtundu umenewu likhoza kundichotsa ntchito. Komanso Mulungu ndidzamuuza chiyani?"

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa ndikachikumbuka. Amayi anabwera ku London kutsatira bambo ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, n'kundisiya ku Zomba kwa azakhali mpaka pamene anatha kunditenga ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinkadziwa kuti bala limenelo silinapole mumtima mwawo. Ndinaloza chala pomwepo.

"Munandisiya zaka seven mukusamala makolo a anthu ena," ndinatero. "Sindinadandaulepo. Lero ndikupempha chinthu chimodzi chokha, mukundisiyanso."

Amayi anazimitsa simbi. Anakhala pansi, misozi ikutsika. Kenako anatenga cholembera, n'kulemba dzina lawo pamalo a woyendetsa, n'kusaina.

"Bambo ako asadziwe," anatero.

Pa zaka zonse za banja lawo anali asanabisirepo bambo kanthu, ndipo amene anawaphunzitsa kubisa ndine. Ndinakaponya kalatayo ndekha, mtima uli mbee, ndikudziona wochenjera.

Ntchito ndinaigwira milungu itatu yokha. Apolisi anaitana amayi kuti akawafunse mafunso, ndipo kumeneko anawaonetsa kanema. Mayi wa njinga uja anali ndi kakamera pa chipewa chake, ndipo ndiye anatumiza zonse kupolisi. Pa kanemapo panali nkhope yanga, ndevu zanga, ndi foni m'dzanja langa. Apolisi anali atafunsanso kuchipatala, n'kuuzidwa kuti pa ola limenelo amayi anali pa wodi akugawa mankhwala. Amayi sanatsutse chilichonse.

Bambo atamva, sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Anandiyang'ana m'maso.

"Ukanandiuza ine, ukanataya licence basi," anatero. "Ndikanakwiya sabata imodzi, kenako ndikanakuphunzitsanso. Iwe unadikira kuti ndichoke pakhomo, n'kupita kwa munthu amene umadziwa kuti sangakukanize."

Ndinaimbira Marvin kuti mwina andiuze chochita. Anati iye sanagwire dzanja la munthu kuti asaine, n'kudula foni. Kuyambira tsiku limenelo nambala yake sinapezekenso.

Kukhoti nkhani ya foni inasanduka yaing'ono. Mlandu waukulu unali wopotoza chilungamo, ndipo m'bokosi la oimbidwa mlandu tinaimamo awiri, ine ndi amayi anga atavala diresi lawo la kutchalitchi. Anawerenga mawu a mayi wa njinga uja. Anali mphunzitsi, wa ana awiri, ndipo anati chichokereni tsiku lija sanakwerenso njinga chifukwa cha mantha. Ine anandigamula miyezi isanu ndi umodzi kundende. Amayi anawapatsa miyezi inayi, koma anati asalowe pokhapokha atalakwanso. Chipatala chinawachotsa ntchito, ndipo bungwe loyang'anira anamwino linawaimitsa kwa chaka chathunthu. Zaka zonse zimene anagwira ntchito popanda banga zinathera pa siginecha imodzi.

Za kundende sindinena zambiri, chifukwa kumeneko ndinapita ndi mapazi anga. Chimene chinandithyola chinachitika nditatuluka.

Amayi anali atapeza ganyu mu shopu ina ya zakudya zakwathu ku Peckham, akugulitsa nsomba zouma, ufa ndi nyemba. Loweruka lina ndinapita kukawathandiza kunyamula matumba. Ndili kusanja makatoni pambali, munalowa mayi wina wachikulire wa ku Jamaica. Atafika pa kauntala anaima, n'kuchotsa magalasi.

"Sister Rabecca? Ndinu?" anafunsa m'Chingerezi. "Inu munasamala bambo anga mpaka tsiku lawo lomaliza. Mukutani muno?"

Mumtima ndinkapemphera kuti amayi anene kuti anapuma pa ntchito, kapena kuti akungothandiza mnzawo. Ndinali ndisanasiye kufunira amayi anga bodza. Iwo anapukuta manja pa epuloni.

"Ndinanama pa fomu ya apolisi," anayankha. "Anandiimitsa ntchito."

Dzina langa sanalitchule. Mayi uja anavalanso magalasi ake. Kenako maso ake anagwera pa ine, ndipo pofuna kusintha nkhani anamwetulira.

"Uyu ndiye mwana wanu uja? Amene munkangomukamba pa wodi tsiku lililonse?"

"Eya," anatero amayi. "Ndi ameneyu."

Mayiyo anandigwira chanza mwaulemu, n'kundiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi mayi wotere, ndiziwasamala. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinathawira kuseri kwa shopu, n'kukalira pakati pa matumba a ufa ngati mwana wamng'ono.

Achinyamata anzanga amene mwangotenga laisensi, abusa anandipempha kuti ndilembe nkhaniyi, ndipo ndailemba popanda kudzikometsera. Foni ikhale kutali ndi dzanja lanu galimoto ikamayenda, chifukwa palibe uthenga umene ungalingane ndi phazi la munthu. Cheukani musanakhote. Musalole mnzanu wa pampando wa pambali kukupondetsani mafuta, poti tsiku la mlandu iye sadzapezeka. Mukawopseza munthu pamsewu, imani, tsikani, mupepese. Ndipo mukalakwa, lembani dzina lanu pa fomu. Laisensi imabwerera, koma mbiri ya kholo ikada sitsukika msanga.

Amati choipa chitsata mwini, koma changa chinatsata amayi anga. Chaka chawo chikutha mwezi wamawa, ndipo sitikudziwa ngati bungwe lija lidzawalola kubwerera pa wodi. Iwo anandikhululukira kalekale, ndipo sananenepo mawu amodzi ondidzudzula. Ndimawaona m'mawa uliwonse akumanga epuloni ya mu shopu, n'kundifunsa ngati ndadya.