Namaliya Aphika Miyala

Namaliya anali mtsikana wa ku Mua. Ankakonda mbatata. Ankakonda kuyimba. Koma koposa zonse, ankakonda a Sisitere Yosina.

A Sisitere Yosina anachokera kutali. Kutali zedi! Kwawo ndi ku Papuwa, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Kuwaona, munthu ukanati ndi a konkuno. Koma akangoyankhula, aliyense ankadziwa kuti ndi mlendo. Chichewa chawo chinali chikukwawabe. Mawu ena ankawadumpha.

Loweruka lililonse ankaphunzitsa ana nyimbo pansi pa mtengo wa mango. Ankabwera ndi thumba loluka ndi luzi. Thumbalo sankaligwira m'manja. Chingwe chake ankachikoleka pamphumi, thumba lili lende kumsana.

"Kwathu timalitcha nokeni," ankatero a Sisitere. "Timaikamo mbatata. Timaikamo mwana. Timaikamo ngakhale kamwana ka nkhumba!"

Ana ankaseka mpaka kugubuduka.

Loweruka lina a Sisitere sanaseke. Nyimbo nazo sizinakome. Ana onse atapita, Namaliya anatsala.

"A Sisitere, mwadwala?" anafunsa Namaliya.

"Iyayi, mwanawe. Ndawasowa amayi anga."

"Bwanji osawaimbira foni?"

"Kumudzi kwathu foni siigwira," anatero a Sisitere. "Mudzi wathu uli pamwamba pa mapiri. Kulibe msewu. Kulibe minibasi. Kumabwera kandege kakang'ono basi. Mitambo ikatseka, kandegeko kamabwerera."

"Nanga munthu akadwala?"

"Timamunyamula. Timayenda masiku awiri kuti tikafike kuchipatala."

Namaliya anagwira pakamwa. Masiku awiri! Iye chipatala ankachiona ali pakhomo pawo.

"Kwathu kumazizira kwambiri," anatero a Sisitere. "Nyumba zathu ndi zozungulira, zaudzu, zazifupi. Polowa timawerama. Pakati pamakhala moto. M'mawa timadya mbatata. Madzulo timadya mbatata."

"Eee! Mbatata tsiku lililonse? Ndiye kwanu n'kwabwinotu!"

A Sisitere anamwetulira pang'ono. Kenako anatulutsa kalata mu nokeni.

"Ndalembera akuluakulu anga," anatero. "Ndapempha kubwerera kwathu. Nditumiza Lolemba. Kuno anthu ndi abwino. Koma ine ndikadali mlendo."

Mtima wa Namaliya unawawa. Lolemba? Lolemba ndi mkuja! Iye sankafuna kuti a Sisitere achoke. Sankafuna m'pang'ono pomwe.

"Nanga kwanu mumatani kuti mlendo asakhalenso mlendo?" anafunsa.

"Timaphika miyala," anayankha a Sisitere. "Mudzi wonse umadya. Mlendo akadya nafe, basi, ndi wathu."

Namaliya anatong'ola maso. Miyala? Koma sanafunse. Amayi ankati si ulemu kudabwa chakudya cha eni ake.

Namaliya anathamangira kumtsinje. Anasankha miyala isanu. Anasankha yosalala. Anasankha yooneka yokoma. Kunyumba anaitsuka bwinobwino. Anaiika mumphika. Anathira madzi ndi mchere.

Pitala, mchimwene wake wamkulu, anamusonkhera moto.

"Ukuphika chiyani, iwe?" anafunsa Pitala.

"Miyala."

"Miyala? Mutu ukuyenda bwino koma?"

"Ndi ya a Sisitere, achimwene. Kwawo amadya."

Madzi anawira. Bwata! Bwata! Bwata! Namaliya anabaya mwala ndi kamtengo.

Gwa!

Pitala anawonjezera nkhuni. Madzi anawiranso. Namaliya anabayanso.

Gwa!

Namaliya anaganiza. Anatenga chidulo, chija amayi amafewetsera therere. Anathira chambiri. Anadikira. Anabayanso.

Gwa basi!

"Ipsa chaka chamawa imeneyo," anatero Pitala, akuseka.

Namaliya anapitiriza kuphika. Anadula tomato. Anathira nsinjiro. Ngati miyala yakana kufewa, bola ikome.

Amayi anafika kuchokera kudimba. Anasuzumira mumphika.

"Mayo ine, nsinjiro zanga!" anakuwa amayi. "Mwana iwe, watani?"

Namaliya analira. Anawauza za kalata. Anawauza za Lolemba. Anawauza za miyala.

Amayi anamuyandikira. Kenako anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Tonthola," anatero. "Mwina ife sitidziwa kaphikidwe kake. Pakula, tikawafunse eni ake."

Namaliya anapakula m'mbale. Anavundikira. Ananyamuka ndi amayi, Pitala akutsatira pambuyo.

A Sisitere anali pakhonde. Namaliya anagwada. Anapereka mbale ndi manja awiri.

"Pepani, a Sisitere," anatero. "Sinapse bwino."

A Sisitere anavundukula. Anayang'ana. Anayang'ananso. Miyala isanu inali ndi nsinjiro mbuu!

"Ichi n'chiyani, mwanawe?"

"Munati kwanu mumaphika miyala. Idyani, musachoke."

A Sisitere anagwira pamutu. Kenako anaseka. Anaseka mpaka misozi. Anaseka mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Kalanga ine, Chichewa changa!" anatero. "Ndinadumpha kamawu kamodzi. Sitiphika miyala ayi. Timaphika ndi miyala! Ndi! Ndi! Ndi!"

Pitala anagwa pansi ndi phwete. Namaliya anachita manyazi. Anabisa nkhope kumbuyo kwa amayi.

A Sisitere anamukoka ndi kumukumbatira.

"Usachite manyazi," anatero. "Chibwerere kuno, palibe amene anandiphikirapo miyala. Iwe ndiwe woyamba."

"Ndiye mawa mubwere kwathu," anatero amayi. "Tikaweruka kutchalitchi, mudzatiphunzitse."

Lamulungu masana ntchito inayamba. Abambo anakumba dzenje kuseri kwa nyumba. Pitala ndi anzake anatuta miyala kuphiri.

"Ya kumtsinje ayi," anatero a Sisitere. "Imeneyo imaphulika pamoto. Tengani youma."

Anasonkha moto waukulu. Anaika miyala pamwamba pa nkhuni. Utsi unali tolotolo. Miyala inatentha, inatentha, mpaka psuu!

Oyandikana nawo anamva. A Katerina anabwera ndi maungu. A Joyce anabwera ndi chinangwa. Ena anangobwera kudzaona. Anthu anadzaza pabwalo.

A Sisitere anang'amba nsungwi kumapeto. Inakhala ngati mbaniro. Anapana mwala wamoto. Abambo nawo anapana wawo. Ana anaima patali.

M'dzenje anayala udzu. Anayala masamba a nthochi. Anaika miyala yamoto. Anaika mbatata. Anayalanso masamba. Anaikanso miyala. Anaika maungu ndi chinangwa. Anaika nkhuku ndi kholowa. Pomaliza anakwirira ndi udzu wambiri.

"Tsopano titani?" anafunsa Namaliya.

"Tsopano tiyimbe," anatero a Sisitere.

Anayimba nyimbo ya ku Mua. Anayimba nyimbo ya ku Papuwa. Anthu anaipotoza, a Sisitere n'kumaseka. Lero anali iwo oseka anzawo.

Kenako fungo linatuluka. Aaa, fungo lake! Pitala anameza malovu.

Abambo anachotsa udzu. Nthunzi inakwera. A Sisitere anapatsa Namaliya kamtengo.

"Baya," anatero.

Namaliya anabaya mbatata. Lero sikunamveke gwa. Kamtengo kanangolowa.

"Yapsa!" anakuwa Namaliya. "Amayi, yapsa!"

Onse anakhala pansi mozungulira. Amayi anasankha mbatata yaikulu. Anaipereka kwa a Sisitere.

"Idyani, achemwali," anatero amayi. "Pano ndi panu."

A Sisitere ananyema mbatata. Anaiuzira. Anadya pang'onopang'ono, maso ali otseka.

"Ikukoma ngati ya amayi anga," anatero.

Namaliya anasendera pafupi.

"A Sisitere, mwadya nafe," anatero. "Kodi mukadali mlendo?"

A Sisitere anapisa dzanja mu nokeni. Anatulutsa kalata ija. Anapita pamene panali makala. Anaiponya pamoto. Kalata inapsa yonse.

"Ayi, mwanawe," anatero. "Sindinenso mlendo."

Namaliya analumpha. A Katerina analuluta. Abambo anawomba m'manja.

"Koma mawa nditumizabe kalata," anatero a Sisitere.

Namaliya anaima njii.

"Ya kwa amayi anga," anatero a Sisitere, akumwetulira. "Ikakwera kandege kaja. Ndiwauza kuti asadandaule. Ndiwauza kuti ku Mua ndili ndi abale. Ndiwauzanso kuti kuno miyala amathira nsinjiro."

Onse anaseka. Namaliya nayenso anaseka. Anakhala pakati pa amayi ndi a Sisitere, n'kutenga mbatata yachitatu.