Khutu la a Chimphamba

Inu achinyamata amene mumati chochitira m'chipinda chotseka sichidziwika, khalani pansi ndikuuzeni za Ivy Chimphamba. Nkhaniyi sindinachite kuitola pamsika ayi. Fulati yanga ku Woolwich imayang'anizana ndi yawo, ndipo makoma a nyumba zimenezi ndi opyapyala moti mnzako akayetsemula iwe umayankha kuti pepani.

Banja limenelo linali labwino, ndisaname. Mayi ake, a Marjorie, ndi namwino, munthu wosadziwa kukhala pansi. Bambo ake, a Felton Chimphamba, anayendetsa basi zaka zambiri mu London muno mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Chiyambire kusaona, makutu awo anathwa moopsa. Lifiti ikangotseguka ankadziwa kuti wotulukamo ndine, ndisanapereke n'komwe moni.

Ivy anali mwana wawo yekhayo, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wophunzira pa yunivesite ku Greenwich. Anabwera kuno ali kale wamkulupo, ndiye Chichewa chake chinali chisanathawe ngati cha ana ena amene ukawapatsa moni amakuyankha m'Chingerezi. Nanga mawu ake! Mulungu anamupatsa mawu mwana ameneyo. Tsiku lililonse ikakwana sikisi koloko madzulo ankakhala pambali pa bambo ake n'kuwawerengera Baibulo.

"Maso anga ndi awa," ankatero a Chimphamba kutchalitchi, atagwira phewa la Ivy. "Ine sindinataye kanthu."

Kenako kunabwera Trevor.

Trevor anali mnyamata wa ku Lusaka amene tinamupatsa ganyu yoika zokuzira mawu paukwati wina wa mumpingo. Ine nditangomuona mtima unakana. Munthu wanji woyamba kuseka nthabwala isanathe? Ivy atatha kuwerenga mawu paukwatiwo, Trevor anamudikirira pakhomo la holo. Ine ndinali pomwepo, ndikupinda nsalu za pamatebulo, khutu lili tcheru.

"Sisi, uziba voice yamene uli nayo?" anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Uitaya chabe mu church. Nili na ka studio ku Wembley. Bwela tipange ma audio, tunthano twa bana, tuja twa bazungu twakudala."

"Ndikafunse kaye kunyumba," anayankha Ivy.

"Ah, ufunsa chani? Ndiwe mwana?"

Anafunsadi. A Marjorie anati nthano za ana zilibe vuto. A Chimphamba anangofunsa kuti, "Mnyamatayo amapemphera kuti?" Ivy anati sakudziwa.

"Ukadziwa udzandiuze," anatero.

Zimene zinkachitika mu situdiyomo anandiuza Ivy mwini wake pambuyo pake, akulira pampando wanga. Masabata oyamba zinalidi nthano za ana, zija zakale za mafumu, mfiti ndi zilombo za m'nkhalango. Koma Loweruka lina Trevor anamupatsa mapepala ena. Nthano yake inali yodziwika yomwe ija, ya mwana wamkazi wa mfumu wotsekeredwa m'nyumba yachifumu ndi kalonga wodzamupulumutsa. Koma apa onse anali akuluakulu, ndipo zimene anachita chitseko chitatseguka sindingazitchule ndi pakamwa pomwe ndimadyera mgonero.

"Trevor, izitu ndi zolaula," anatero Ivy.

"Ni va bakulu, sisi. Bantu bamvela na ma headphones mu train, palibe aziba. Sitiika dzina yako, sitiika nkope yako. Ni mau chabe. Mau yali na tchimo?"

Ivy anawerenga ndime imodzi. Trevor anaomba m'manja. Loweruka lotsatira anamuonetsa pa intaneti mmene anthu osawadziwa ankayamikirira mawu ake, wina mpaka analemba kuti sagona asanawamve. Abale, kutamandidwa kumaledzeretsa kuposa kachasu. Ndime imodzi ija inabala nthano yathunthu, yathunthuyo inabala zina khumi. Mlenje, chilombo, mfumukazi, onse Trevor ankawavula zovala m'mapepala ake, Ivy n'kumawapatsa mawu. Anamuphunzitsanso kawerengedwe kake: kuyandikira maikolofoni, kutsitsa mawu, kukoka mpweya pakati pa ziganizo.

Ine ndinayamba kuona zizindikiro. Foni yake Ivy ankaiika chozondotsa patebulo. Ikalira ankathamangira pamasitepe kukayankha. Tsiku lina ndinawakoka a Marjorie pafupi ndi lifiti.

"Amake Ivy, mwana wanu Loweruka lililonse ku Wembley. Kodi akumangako sitediyamu ina?"

"Inunso a Nachisale," anatero akuseka, "mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe. Ndachedwa kushifiti ine."

"Wakutsina khutu ndi mnansi," ndinatero. Koma lifiti inali itatseka kale.

Amene sanafunike kuuzidwa anali a Chimphamba. Madzulo ena ndinapita kukabweza poto kwawo, ndinapeza Ivy akuwerenga Salimo. Ndinakhala pansi kuti ndimve nawo. Ali pakati, bambo ake anakweza dzanja.

"Ima kaye."

Ivy anaima.

"Mawu amenewa wawatenga kuti?"

"Ati, adadi?"

"Amene ukuwerengerawa. Ukuwerenga Salimo ngati ukunong'oneza munthu m'khutu. Mwana wanga sapuma chonchi powerenga."

"Ndi chimfine, adadi."

"Chimfine chako ndimachidziwa, ndakulera nacho." Anatembenuzira nkhope kumene Ivy anakhala. "Ine sindiona, koma usandiyese chitsa. Ku Wembley kuja ukuwerenga chiyani?"

"Nthano za ana basi."

"Ndiye ubwere nayo imodzi, ndimve."

"Trevor sanamalize kuzikonza."

"Miyezi inayi sanamalize? Chabwino. Pitiriza. Koma pakamwa ndi pamodzi, mwana wanga. Chimene ukuikapo Loweruka sichichoka pofika Lamulungu."

Ivy anamaliza Salimolo. Ine ndinasiya poto pasinki n'kutuluka.

Chenjezolo linamufika Ivy, zimenezo ndimuikire umboni. Loweruka lotsatira anakwera sitima ndi mtima wokauza Trevor kuti basi, zatha. Koma woyesa sasowa chonena.

"Palibe vuto, sisi, siningakukakamize," anatero Trevor. "Imozi chabe yosiliza. Koma iyi tichite mu Chichewa chako chija cha deep. Palibe anachitapo. Uzankala woyamba pa ziko yonse."

Apa ndi pamene Ivy anapusa. Olankhula Chingerezi ndi mamiliyoni, mawu a munthu mmodzi amasowamo. Nanga ife olankhula Chichewa mu London muno tilipo angati? Timakumana pamaliro, pamaukwati, pamisonkhano ya mpingo, tonse timadziwana mpaka kutsokomola. Iye zimenezi sanaziganize. Anakhala pansi n'kuimasulira yekha nthanoyo, n'kuikamo mawu amene ngakhale anamkungwi amatsitsa liwu powatchula. Anaijambula, n'kubwerera kunyumba akudziuza kuti wamasuka.

Trevor anadulako kachidutswa ka mphindi zitatu n'kukaponya m'magulu a pafoni ngati nyambo. Pasanathe masiku anayi kanali kali paliponse.

Lachisanu masana a Marjorie anali kuntchito, Ivy kusukulu, ndiye ine ndinaperekeza a Chimphamba kokametetsa kwa Biswick, pafupi ndi msika. Biswick ndi wakwathu, ndipo amuna a ku Malawi ndi ku Zambia amakonda kusonkhana pamenepo. Ndinawakhazika pampando n'kupita kukagula masamba.

Pobwerera ndinamva phwete la kuseka ndisanafike pakhomo. Munali amuna atatu odikira, mmodzi atakweza foni m'mwamba kuti onse amve. Ndinatsegula chitseko, sanandione. Mawu otuluka m'foniyo anali achizimayi, otsika, okoka mpweya, akunena m'Chichewa choyera zimene kalonga anachita ndi mwana wa mfumu. Chikwama cha masamba chinatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinawadziwa mawuwo.

A Chimphamba anali duu pampando, nsalu ili pakhosi, mutu utametedwa mbali imodzi. Manja awo anagwira zitsulo za mpandowo zolimba.

"Eee, koma ndiye kuliko ana!" anatero mwini foni uja, akupukuta misozi ya kuseka. "Ameneyutu ndi wakwathu weniweni. Mwana wa ndani ameneyu? Bambo ake ali moyo?"

Onse anaseka.

"Ali moyo," anatero a Chimphamba.

Mwini foni anatembenuka. "Mwati bwanji, madala?"

"Ndati bambo ake ali moyo. Ndi amene akumetedwayu."

Munthu uja anafuna kuzimitsa foni, zala n'kumaphonya, mawu a Ivy n'kumapitirirabe. Atazimitsa munangotsala kulira kwa makina ometera m'dzanja la Biswick.

"Bambo, pepani, sitimadziwa," anatero Biswick. "Ndimalize kaye mbali inayi."

"Siyani choncho."

Anadzimasula okha nsalu ija, n'kupapasa ndodo yawo. Ndinawapatsa chigongono changa. Tinadutsa pakati pa msika, anthu akuyang'ana mutu wometedwa theka uja. Ine ndinalira, sindibisa. Ndinaliranso ndi ukali, chifukwa ndikanamupeza Trevor tsiku limenelo ndikanachimwa.

Sikisi koloko itakwana Ivy anafika, a Marjorie nawonso anali atangolowa. Sankadziwa kanthu onse awiri. A Chimphamba anandipempha kuti ndisachoke. Ivy anatenga Baibulo pashelefu monga mwa masiku onse n'kukhala pamalo pake.

"Adadi, mutuwu bwanji? A Biswick magetsi anawathera?"

"Tseka bukulo."

"Adadi?"

"Nthano yako ya ana ija ndaimva lero. Ndaimvera kwa Biswick, pamodzi ndi amuna atatu."

Baibulo linagwa pansi. Ivy anatsetsereka pampando n'kugwada, n'kugwira mapazi a bambo ake. A Marjorie ankangoti, "Nthano yanji? Nthano yanji, abale?" Ndinawakokera kukhitchini n'kuwauza. Anakhala pansi penipeni, atavala yunifolomu yawo.

"Ndinakufunsa," ankatero a Chimphamba pabalaza, mosakweza mawu. "Ndinakufunsa pampando womwe uno, Baibulo lili m'manja mwako. Unati chimfine."

"Ndinalakwa, adadi. Ndinali nditasiya kale. Ndikhululukireni."

"Muimbire mnyamatayo achotse."

Ivy anaimba, n'kukweza foni kuti tonse timve.

"Nichose bwanji, sisi?" anatero Trevor. "Ili kale mu ma phone ya bantu. Ku Lilongwe bamvela, ku Lusaka bamvela. Sininakukakamize ine." Anadula. Ivy ataimbanso, nambala sinalowe, ndipo mpaka lero silowa.

Pofika Lamulungu panalibe mumpingo amene sanamve. Ena amene ankamuyang'ana Ivy ndi diso lofiira ndinkadzifunsa kuti iwowo anaimva bwanji mpaka kumapeto, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ivy sanathawe. Anaima pamaso pa akulu a mpingo n'kuvomera zonse, osakankhira Trevor. Anamuimitsa mgonero miyezi isanu ndi umodzi, anapirira, kenako anamubwezera. Analapadi mwana uja, ine amene ndimakayikira aliyense ndikuchitira umboni.

Tsiku limene anamubwezera tinadyera limodzi kwawo. Titatha kudya, Ivy anayandikira bambo ake mwamantha.

"Adadi, ndikuwerengereni?"

A Chimphamba anati, "Yesa."

Ivy anatsegula Baibulo, n'kuwerenga mzere woyamba, wachiwiri. Anawerenga bwinobwino, ndi mawu ake akale aja. Koma ndinaona nkhope ya bambo ake ikukwinyika ngati munthu woponda minga. Pamzere wachitatu anakweza dzanja.

"Basi, mwana wanga."

"Ndalakwitsa pati, adadi?"

"Sunalakwitse. Ndinakukhululukira, Mulungu ndi mboni, ndipo ndiwe mwana wanga mpaka kufa. Koma ukangotsegula pakamwa, khutu langali limabwerera pampando wa Biswick. Ndayesa kupemphera, sizikuchoka." Misozi inatsika m'maso osaona aja. "Amene amaona amatha kutsinzina. Nanga ine nditseke chiyani?"

Tsiku lotsatira Ivy anatenga foni ya bambo ake n'kuikamo pulogalamu yowerenga Baibulo, ija yolankhula Chingerezi ndi mawu a makina.

Ndiye mverani, ana inu. Musamati ndi mawu chabe, palibe aone nkhope. Mphatso imene Mulungu wakupatsa sungaigawe pawiri, theka kuguwa, theka kwa Trevor, mapanga awiri avumbwitsa. Tchimo ukalapa limakhululukidwa, inde, koma chimene walowetsa m'khutu la munthu wokukonda palibe dzanja lochitulutsa. Akakuchenjezani makolo, imani pomwepo, musati imodzi yomaliza.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ivy anamaliza sukulu, amagwira ntchito, amawaphikira bambo ake, amawaperekeza kuchipatala. Madzulo amawayatsira foni ija n'kukhala pambali pawo mpaka chaputala chithe. Makinawo akatchula molakwika dzina la mneneri, milomo ya Ivy imagwedezeka kufuna kukonza, koma satulutsa mawu.