Pa Doko la ku Deale

Callista anakumana ndi Stafford pamalo odikirira basi ku Takoma Park, mu Novembala chaka cha 1979. Mphepo inali itamupindira ambulera, ndipo ankalimbana nayo uku akung'ung'udza.

"Koma dziko lino, abale," anatero chapansipansi.

"Bweretsani kuno ndikukonzereni, achemwali."

Callista anacheuka. Chichewa, pakati pa Amereka? Anali mnyamata wamtali, atakoleka paphewa chingwe chachikulu chokulunga, manja ake ali zipsera zokhazokha. Anati dzina lake ndi Stafford, kwawo ku Ntcheu. Anabwera kudzaphunzira, sukulu inamukanika, ndipo tsopano ankakonza maboti ku Woodbridge. Callista anamuuza kuti iye amatayipa makalata pa banki ina yaikulu mu Washington.

Basi inabwera, inawasiya. Yachiwiri inawapezanso akucheza.

Kuyambira pamenepo kalata sinkaphonya sabata, ndipo pepala lake linkanunkha penti. "Calli wanga, kuno kuli thupi lokha, mtima unatsala ku Takoma. Dzulo ndadzimenya chala ndi hamala chifukwa choganiza za iwe. Ubwere udzandipepese."

Callista anapitadi. Tsiku limenelo Stafford anamuonetsa boti lake la matanga, lamatabwa, limene analipeza litawola n'kulidzutsa ndi manja ake. M'kati munali kabedi, kachitofu ndi katebulo kopinda.

"Nyumba yathu ndi imeneyi, mtima wanga. Tidzatsika ndi mtsinjewu mpaka kunyanja yamchere, mpaka kuzilumba kosadziwa chisanu. Kopanda bwana. Iwe ndi ine basi."

Callista anaseka. Ndi mnyamata uti wopanda maloto? Ankaona ngati ukwati udzamuchiritsa.

Anakwatirana mu 1981, mchimwene wake wa Callista, a Fryson, ataimira unkhoswe. Anapeza nyumba ku Landover, ndipo chaka chotsatira kunabadwa mwana wamkazi, Anjimile. Posakhalitsa inafika kalata yochokera ku Zomba yonena kuti mayi ake a Callista afa ziwalo mbali imodzi, ndipo panalibe wowasamala.

"Tiwaitanitse kuno," anatero Callista.

"Nanga ulendo wathu?"

"Ulendo uti? Amayi adzagona pati m'boti? Mwana adzakwawira pati?"

"Ungoyesa kaye, Calli. Sabata imodzi yokha. Ukadana nawo moyowu, sindidzautchulanso."

Anayesa mu Julaye. Masiku awiri oyamba anali okoma ndithu, madzi ali phee, Stafford akuimba. Tsiku lachitatu masana, ali pakati pa nyanja ya Chesapeake, kumwamba kunada bii. Mphepo inafika ngati yotumidwa. Boti linapendekeka, mbale zinagwa n'kusweka, ndipo Anjimile anapulumuka m'manja n'kutsetserekera m'mphepete. Callista anadziponya, n'kumugwira mwendo. Podzuka, mtengo wopingasa umene umagwira thanga m'munsi unabwera ndi mphamvu n'kumuwomba pachipumi. Magazi anamutseka maso, koma mwendo wa mwana sanausiye.

Namondwe atadutsa, Stafford anasisita matabwa a boti uku akumwetulira.

"Waona m'mene lapirira? Silinalowe ndi dontho lomwe."

Kuchipatala anamusoka Callista malo asanu ndi awiri. Atafika kunyumba anayankhula mosakweza mawu.

"Bambo a Anji, musankhe. Ife kapena chiboti chanucho."

Stafford anatenga mpando n'kuuphwanyira kukhoma. "Ndinakubisira? Sunalione usanandilole? Ukufuna ndiwolere m'kanyumba kano ngati nkhuku ya m'khola?"

"Nkhuku imadziwa anapiye ake."

Mbama inagwera pa bala lomwelo. Ulusi unaduka, magazi anayambiranso.

M'mawa mwake a Fryson anafika osagogoda. Sanafunse nkhani. Anamugwira Stafford pakhosi n'kumumenyetsa ku firiji kawiri, mpaka dzino linagwa pansi. Callista ndiye analeretsa, akulira, mwana ali kumsana.

Stafford anagwada, pakamwa pali magazi. "Ndalakwa, alamu. Calli, mayi wa mwana wanga, ndikhululukire. Ndiligulitsa. Dzanja ili likadzakukhudzanso, lidzaume."

Patatha milungu iwiri anamutengera ku Woodbridge n'kumuonetsa pamene boti linkaima. Panali madzi okhaokha. Callista anamukumbatira mwamuna wake, akumva chisoni ndi chimwemwe pamodzi.

Amayi ake a Callista anabwera. Stafford ankawabereka kumsana pokwera masitepe, ankawadula zikhadabo, ankawaseketsa mpaka kutsokomola. Loweruka ndi Lamlungu ankati ali ku ovataimu, ndipo ankabwera atatopa, atanyamula maluwa. Kwa zaka zitatu Callista ankauza amayi anzake kutchalitchi kuti mwamuna amasintha.

Lachiwiri lina mu Okutobala 1986, foni inalira kuntchito. Anali mayi Edness, oyandikana nawo nyumba, amene ankatsala ndi Anjimile komanso amayi masana.

"Mayi a Anji, kodi muli paulendo? Abambo ake amutenga mwana ndi sutikesi. Mwanayo amadumphadumpha, akuti akupita ku boti la anti."

Callista anaimba foni ku Woodbridge, kwa mwini malo okonzera maboti.

"Kugulitsa?" anadabwa mzunguyo. "Ayi, amayi. Anangolisamutsira ku Deale zaka zitatu zapitazo. Ntchito kuno anasiya Lachisanu. Akuti akupita kummwera chisanu chisanayambe."

Mmene anayendetsera galimoto mpaka ku Deale, kamudzi ka asodzi m'mbali mwa nyanja ija, Callista sakumbukira. Anathamanga pa doko nsapato zili m'manja. Boti analizindikira msanga ngakhale linali litapakidwa penti yobiriwira. Kumbuyo kwake kunali dzina la zilembo zoyera: Marjorie.

Injini inali ikulira kale. Stafford anawerama akumasula chingwe. Pa boti panakhala mtsikana woyembekezera, atamufungata Anjimile.

"Mami!" anakuwa mwanayo.

Mtsikanayo anaimirira, maso ali tong'o. Anayankhula Chinyanja cha ku Lusaka. "Ndimwe bandani imwe?"

"Ndine mayi wa mwana amene mwanyamulayo. Ndine mkazi wa bambo awa."

"Ba Stafford, si munaniuza ati banamwalira? Ati mwana amaitana chabe amake chifukwa sanazolowere?"

Stafford anaponya chingwe m'madzi n'kukankha doko ndi phazi. Mpata unayamba kukula. Callista analumpha.

Anagwera m'kati chamaondo, ndipo asanadzuke mwamunayo anali atamugwira tsitsi.

"Tsika, Calli. Zaka zitatu ndakutumikira, iwe ndi amayi ako. Ndalipira. Mwanayu ndi wanganso."

"Munandiika m'manda ndili moyo? Munkandipatsa maluwa mukuchokera kuno?"

Anamukanda kumaso ndi zala zonse khumi. Stafford anabwerera m'mbuyo, n'kutola chitsulo chopukusira zingwe za matanga. Callista anatchinga mutu ndi mkono. Fupa linamveka kuti thyo. Anagwa, ndipo Stafford anamukanikiza khosi pa waya wa m'mphepete, mutu ukulendewera kumadzi. Anaona thambo likuzungulira. Kulira kwa Anjimile kunkamveka patali, ngati kwa mwana wa eni.

Mwadzidzidzi dzanja lija linamasuka. Mtsikana uja, Marjorie, mwini dzina linalembedwa pa boti, anali atamutsitsa mwana n'kutenga nkhafi. Anamumenya nayo Stafford pakhutu, n'kubwerezanso pamsana. Mwamunayo anadzandira, anapunthwa pa waya, n'kugwera m'madzi.

Asodzi awiri anakoka boti ndi ngowe mpaka linagunda doko. Anatsitsa mwana, anatsitsa Marjorie, n'kumunyamula Callista. Wina anafuula kuti apolisi aitanidwa. M'chipwirikiti chimenecho palibe anakumbukira kumanga chingwe, ndipo boti linayamba kutengedwa ndi madzi, injini ikugunda yokha.

Stafford anatulukira pafupi ndi makwerero a doko, magazi akutsika m'khosi. Anagwira chitsulo choyamba cha makwererowo. Anakweza maso n'kuona mkazi wake atagwira mkono wothyoka, Marjorie atagwira mimba, ndi Anjimile akumuitana, "Dadi, dadi." Kenako anacheukira boti.

"Stafford," anatero Callista. Mawu anatuluka okha, ofewa ngati akale. Ngakhale pamenepo, akanakwera makwererowo, mwina akanamukhululukira.

Anasiya chitsulo chija n'kuyamba kusambira. Anthu onse anamuyang'ana akukwera m'boti, akugwira chiwongolero, akulunjika kunyanja yaikulu. Sanacheuke.

Marjorie anakhala pansi pa matabwa n'kuyamba kusanza. Callista anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankafuna kumuda, koma mphamvu zake zinali zitatha, ndipo mtsikanayo anali wamng'ono kwambiri.

"Miyezi ingati?" anafunsa.

"Isanu."

"Mumakhala kuti?"

Marjorie analoza kunyanja ndi chibwano. "Muja. Nyumba ninabweza, nchito ninaleka. Zovala zonse zili muja."

Callista anapukuta misozi ya mwana wake ndi dzanja limene linatsala. Kenako anapisa m'thumba la jekete movutikira n'kutulutsa makiyi.

"Mumatha kuyendetsa galimoto?"

"Nimakwanisa."

"Dzukani. Tikayankha apolisi tipite kuchipatala, akationeko tonse awiri. Tikachoka kumeneko tipite kunyumba. Kuli amayi odwala, ndipo ine ndi mkono umodzi sindingathe kuwadzutsa ndekha."