Chikasu cha Bibi Hasina

Nkhaniyi anandiuza ndi Mayi Alinesi, titakhala kuseri kwa tchalitchi titatha mapemphero a Lachinayi. Ndikuifotokoza monga anainenera, Mulungu andikhululukire ngati ndaphonya penapake.

Iwo ndi amuna awo amalondera nyumba yosamaliza ku Area 43. Mabanja a alonda ndi antchito a m'nyumba zozungulira ankatunga madzi pa mjigo wa pamalopo, poti mipopi inkauma kawirikawiri. Madzulo ena, akutsuka mbale, Mayi Alinesi anatuma mwana wawo Mayankho kukatenga ndowa. Mtsikanayo anangoima pakati pa bwalo, akuyang'ana manja ake.

"Mwandituma chiyani, amayi?"

"Ndowa, iwe! Kachitatu kano."

Mayankho atamwetulira, mano ake anali ndi mawanga ofiirira ngati wadya dothi. Sanali yekha. Mwana wa a Jobu, mlonda mnzawo, anasochera pochokera kusukulu, m'njira yomwe ankayenda tsiku lililonse. Ndipo dzuwa likamalowa, mjigo unkalira wokha, kwii, kwii, popanda wopopa. M'mawa pansi pake pankanunkha dzimbiri.

Ana a Bibi Hasina okha ndiwo sanasinthe, chonsecho ankamwa madzi omwewo. Hasina anali wa ku Old Town, ankaphika m'nyumba yoyandikana ndi yomwe Alinesi amalondera. Chikasu ankathira paliponse: mumpunga, m'nyemba, ngakhale mutiyi wa ana. Zala zake sizinkayera, zinali zachikasu mpaka m'zikhadabo.

Manong'onong'o anayambira pa mjigo pomwepo.

"Mwaziona zala zakezo?"

"Chete, angamve."

"Akudya nzeru za ana athu kuti ake azikhoza kusukulu."

Tsiku lina anthu anagenda nyumba ya Hasina, miyala inagwa padenga pake ngati matalala. Hasina anasonkhanitsa ana, naitana a kabaza. Asanakwere, anakankhira kamtolo ka mizu m'chitenje cha Alinesi.

"Dzalani izi, mnzanga. Amayi anga ankati madzi oipa amaopa chikasu. Muzimuthirira mwanayo m'phala."

Hasina atachoka, mjigo sunaleke kulira. Mayankho anaiwala nyimbo zonse za kwaya. Ndipo kunabwera mayi wa zaumoyo, a Leticia, natenga madzi m'kabotolo. Atawayeza, anabweranso nkhope ili gwa.

"Madziwa ali ndi mchere wotchedwa fulorayidi, wochuluka zedi. Umadetsa mano, ndipo ungavulaze ubongo wa mwana. Musamwenso."

"Nanga chikasu chija?" anafunsa Alinesi.

"Akatswiri anayesa pa makoswe, anaona kuti chimateteza ubongo. Pa anthu sitinatsimikize."

Anthu anawerama, osayang'anana. Mjigo anaumanga ndi unyolo ndi loko. Madzulo ake unaliranso, unyolo uli pomwepo.

Apa Mayi Alinesi anandigwira dzanja, ndipo lawo linali lozizira. Ine ndinayamba kupemphera mumtima, iwo akulankhula motsitsa mawu.

"Mizu ija ndinadzala kuseri kwa nyumba, achemwali. Ikangophuka, m'mawa ndimapeza yazulidwa. Ndadzala pena, ndatchinga ndi minga, chimodzimodzi. Alipo amene sakufuna kuti mwana wanga achire, ndipo si Hasina. Wozulayo amasiya mapazi onyowa, ochokera ku mjigo, obwereranso ku mjigo. Wanditsalira muzu umodzi wokha, ndimagona nawo pachifuwa. Mundipempherere Mayankho. Lero m'mawa wandifunsa kuti, 'Kodi inu amayi, amayi anga apita kuti?'"