Phulusa la Mayi Etta

Mayi Etta anamwalirira m'manja mwa Effie Kamwendo, amene ankawasamalira kunyumba ya okalamba ku Peckham. Anali a mtundu wa Ute wa ku Amereka, ku London anabwerera banja. Anasiya pempho limodzi: phulusa lawo likamwazidwe kumapiri a San Juan ku Colorado, kwa makolo awo. Mwana wawo Killian, dalaivala wa basi, anaopa kupita yekha, ndiye Effie anatenga tchuthi n'kumuperekeza.

Ku Colorado anawalandira Newton, mwana wa mlongo wa malemuwo. Galimoto anaisiya pothera msewu n'kuyamba kukwera wapansi, Killian atabereka chitini cha phulusa.

M'mawa mwake chimbalangondo chinang'amba thumba la chakudya, anangotsala ndi mtedza. Masana kunagwa matalala. Effie mawondo anatupa, mpweya unkamuperewera, koma ankangokwakwaza miyendo osadandaula.

Atafika pamwamba anapeza waya waminga utadula njira.

"Chigwa cha agogo ndi icho," anatero Newton, akuloza kuseri kwa wayayo. "Boma linasaina pangano kuti mapiri onsewa ndi athu. Atapezamo siliva anabwera ndi pangano lina. Abale athu akumpoto anachita kuwapitikitsa ndi asilikali." Ankalankhula motsitsa, ngati munthu wotopa nayo nkhaniyo.

"Tidumphe," anatero Killian.

Newton anakana. "Mwini malowa ali ndi agalu ndi mfuti. Kulambalalanso n'kutali, chakudya tilibe."

Anakhala pamwala, njala ili m'mimba, kudikira kuti mphepo itembenuke. Itatembenuka, Killian anatsegula chitini n'kuchikweza m'mwamba. Phulusa linauluka pamwamba pa waya n'kutsetserekera kuchigwa. Newton anaimba m'chinenero chawo, mawu akuduka ndi kuzizira. Palibe anawomba m'manja. Anangotembenuka n'kuyamba kutsika.

Atabwerera ku London, Effie anafika kwawo ku Tottenham akutsimphina. Kunyumba sanalowe. Anapita ndi chikwama chomwe kumanda kumene kwagona bambo ake, amene anathawa ndale ku Malawi n'kumwalira asanabwerere. Anaimbira foni mchimwene wake Benjamin.

"Achimwene, ababa ankati tikawaike ku Ntcheu. Tinavomera tonse."

"Effie, ndatopa ine. Munda wathu wa kumudziko anagulitsa kale. Asiye agone."

"Nanenso ndatopa," anatero Effie.

Anadula foni, anagwada movutikira, n'kuyamba kuzula udzu pamandapo.