Zikombole za a Fanuel

Chikombole chachisanu chinaphulika Lachitatu m'mawa. Chitsulo chosungunuka chinathovoka ngati phala, dontho limodzi n'kugwera pa dzanja la a Fanuel. Sanakuwe n'komwe. Anangokhala pansi m'shedi yogwiriramo ntchito, misozi ili lengelenge.

A Fanuel anali wosema ziboliboli wochokera ku Tete, ku Mozambique. Anafika pa Thuchila ndi thumba la matchizulo osemera basi, madzi osefukira atakokolola nyumba yawo. Shedi imene ankagonamo ndi kugwiriramo ntchito anawabwereka ndi a Thomson, wapampando wa masewera a masukulu. Awa ndi amene anawapatsa ntchito yopanga mamendulo khumi ndi awiri a mpikisano wothamanga wa Loweruka.

Chithunzi chake chinali chitatheka kale, chokongola zedi: phiri la Mulanje, m'munsi mwake mtsikana akuthamanga wopanda nsapato. Koma akangothira chitsulo cha mapoto akale m'chikombole chadongo, phuu!

Masana a Thomson anasuzumira pakhomo. "Bambo Fanuel, anthu akundiseka kuti ndinadalira wobwera. Likadutsa Lachisanu popanda mamendulo, mundibwezere kiyi wanga."

"Nanga ndikalowera kuti ine, bwana?"

A Thomson anangotembenuka n'kumapita.

Chowawa n'chakuti chenjezo linalipo. Mayi Marjory, woumba mbiya wa kuseri kwa shediyo, anali atawauza sabata yatha kuti, "Achimwene, kuno si kwanu kotentha kuja. Nyengo ya chiperoni dongo limauma pamwamba pokha, m'kati muli madzi." A Fanuel, nkhutukumve, anayankha kuti, "Mayi, ntchitoyi ndaigwira zaka makumi awiri. Inu samalani za mbiya zanu." Paja safunsa anadya phula.

Tsopano chitsulo chinali chitatha, nkhungu ikadali phiri lonse. Mantha anawagwira a Fanuel, manyazinso osaneneka. Anaimirira, anakhalanso pansi, kenako ananyamula zikombole zotsala n'kuzungulira kuseri.

"Odi, mayi. Ndinakulankhulani mwachipongwe. Ndithandizeni, ndilibe kwina kopita."

Mayi Marjory anayang'ana dzanja lotupalo nthawi yaitali. Anatenga chikombole chimodzi, n'kuchigunditsa pa tsaya.

"Chikuzizira. Chouma sichizizira chonchi. Zaka makumi awiri, osadziwa zimenezi?"

Anasonkha moto wa zitsononkho, n'kundanditsa zikombole mozungulira, poyamba patali, kenako n'kumazisendeza pang'onopang'ono monga amachitira ndi mbiya. Anazitembenuza choncho masiku awiri. Atamva kuti chitsulo chatha, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapoto awiri.

"Ili n'lobooka. Linali n'labwino ndithu, koma tengani."

Lachisanu masana a Fanuel anathira chitsulo, mtima uli m'mwamba. Panangoti zii. Ataswa chikombole, phiri lija linatuluka likunyezimira. Pofika madzulo mamendulo onse anali atatheka, ndipo a Fanuel anachezera kuzokota kumbuyo kwake.

Loweruka, mtsikana wa Sitandade 8 amene anapambana anatembenuza mendulo yake. "Kumbuyoku kuli kambiya! N'chiyani chimenechi?"

A Thomson anakodola a Fanuel kuti afotokoze. Iwo anavula chipewa, n'kuloza mayi wina amene anaima kumbuyo kwa gulu, manja ali dongo lokhalokha.

"Ine ndinangosema phiri, mwanangu. Zimene wavala m'khosizo ndi mapoto a mayi awowo."