Tulo ta Mbuzi ya Magdalena

Elson Malizani anapha mbuzi ya mkazi wamasiye ndi pakamwa pake potsekemera. Dzina ndalitchula, akafuna akandisumire!

Anakumana pa sikelo ya masamba mu 1958. Magdalena, wamasiyeyo, wothyola tiyi, anamva fungo lachilendo pa malaya a Elson, mnyamata amene anamuthandiza kutula dengu.

"Mukununkhiratu zachilendo, achimwene. N'chiyani?"

"Kolofomu, duwa langa. Adokotala a ziweto a pa esiteti akutiphunzitsa kugoneka nyama. Timaing'amba osamva kanthu, kenako imadzuka."

"Bodza! Imadzuka? Nanga ikagona choncho imalota?"

Sabata yonse funsolo linamuyabwa Magdalena mumtima. Makalata anayamba kufika, onse a fungo lomwelo: "Magi wanga, shuga wa mu tiyi wanga, ndikangokhoza mayeso ndituma ankhoswe."

Kalata yachinayi inati: "Atiuza kuti aliyense abwere ndi mbuzi yophunzirira. Ine ngakhale nkhuku ndilibe. Undibwereke Mawanga, madzulo ibwera ikudumpha."

Mawanga inali mbuzi yokhayo imene malemu amuna ake, a Yesaya, anamusiyira. Koma mtima wofuna kuona umamva? Anaikoka yekha mpaka ku khola la esiteti, n'kukasuzumira pa mpata wa matabwa.

Zodabwitsa! Chitini cha thonje pamphuno pa mbuzi. Elson akudontheza mankhwala, dokotala wachizungu akuwerenga mpweya. Miyendo ya mbuziyo inalefuka. Anaikhudza diso, osaphethira. Magdalena anatsala pang'ono kuwomba m'manja!

"Basi, leka!" anakuwa dokotala. Elson n'kuti atawonjezera kale madontho atatu.

Nthiti zinasiya kukwera. Zii.

Lackson, wophunzira mnzake, anamugwira Elson paphewa. "Musadandaule, a Malizani. Adokotala ananeneratu kuti dzanja loyamba limapha. Munachenjera posiya mbuzi za akazi anu ku Masambanjati."

Akazi awo? Mbuzi zawo?

Magdalena anakankha chitseko. "A Elson, ankhoswe aja mumati muwatuma kwa ndani?"

"Magi, mtima wanga, tamvera..."

"Idzutseni kaye, tikambe bwino."

Elson anangoti maso pa chitini.

Lero ali ndi satifiketi ndi njinga, ng'ombe za mzungu zikagona m'manja mwake zimadzuka zonse. Magdalena anabwerera kwawo ndi chingwe chokha.

Inu mukuwerenganu, amene mumati mkazi wamasiye ndi wopupuluma: munthu anauzidwiratu, n'kusankha mbuzi ya wosowa womulankhulira. Wopusa ndi wakuba, woyenera manyazi ndani apa? Musayang'ane kumbali. Ndiyankheni!